Mmene ndinakatsitsira agogo anu m'nkhalango ya Mulanje

Tadala, bwera nalo kuno kope lakolo. Wati aphunzitsi akuuzani kuti mulembe za munthu wolimba mtima wa m'banja mwanu, ndiye iwe wasankha agogo ako aamuna? Ati chifukwa ankalowa m'nkhalango kukafuna mudzi wotayika? Ha! Khalani pansi nonse, inu ana. Yamikani, foni imeneyo iike m'thumba, siithawa. Lero mumva zimene mayi anu sakuuzani, chifukwa iwo bambo awo amawaikira kumbuyo ngakhale ali m'manda.

Agogo anu a Lusiyano anali munthu wabwino, zimenezo sindikana, Mulungu awalandire. Sankamwa, sankamenya, ndipo pa ntchito yomanga nyumba analibe mnzawo m'Chilomoni muno. Khoma akaliyang'ana ndi diso limodzi ankadziwa kuti lapendama asanaikepo n'komwe levulo. Ndinakumana nawo ku Limbe, nthawi imene sitima inkafika kwathu ku Nsanje. Ine ndinkabwera ndi dengu la milamba yowamba. M'sitima anthu ankatseka mphuno, koma tikafika pamsika omwewo ndiwo ankayamba kulimbirana. Inu mlamba weniweni simuudziwa, mumadya tinsomba ta m'firiji tosamveka kukoma n'kumati mwadya ndiwo. Iwo anali Mlomwe wa ku Mulanje, ine Msena, ndipo abale a mbali zonse ziwiri anati banja limeneli silimaliza chaka. Onse amene ananena zimenezo tinawaika m'manda tidakali limodzi.

Nyumba mwaitsamirayi tinamanga awiri. Iwo ankayala njerwa, ine ndinkaponda dothi ndi kuumba. Madzi ndinkatunga kumtsinje kumunsi uko, ndowa pamutu, mayi anu Agnesi ali kumsana, kukwera chitunda chomwechi chimene inu mumadandaula nacho muli chimanjamanja. Mpopi kunalibe, magetsi kunalibe, tinkaunikira koloboyi mpaka mphuno kuda. Malata mukuwaonawa ndi milamba yanga, limodzilimodzi. Gwirani zimenezo, chifukwa nkhani yonse yagona pa nyumbayi.

Matenda a agogo anu anayamba ntchito itawathera ku kampani ina yomanga, zaka zija mafoni a m'manja anali a mabwana okha. Munthu wozolowera kulawirira akakhala pakhonde tsiku lonse, mutu umayamba kufukula zakale. Iwo anafukula nkhani ya agogo awo, amene anathawa Apwitikizi ku Mozambiki n'kulowa m'dziko muno kudzera m'nkhalango ya kuseri kwa phiri la Mulanje. Akuti gogoyo, atasochera masiku atatu, anatulukira pa mudzi wopanda anthu. Makoma a miyala yosanja popanda dothi, otalika kuposa munthu, masitepe okwera phiri, ng'anjo zosungunulira chitsulo, zonse zitamera mitengo. Ankati ndi mudzi wa anthu akalekale amene anamanga azungu asanaone n'komwe dziko lino. Nkhani zotere banja lililonse lili nazo, anthu amamvera, n'kuseka, n'kupitiriza zawo. Agogo anu anaitenga ngati Uthenga Wabwino.

"Mayi a Agnesi," ankatero, "ine ndine mmisiri. Mwala wosanja munthu ndi mwala wosanja mvula ndimausiyanitsa. Ndikangopeza khoma limodzi, dziko lonse lidziwa kuti makolo athu ankamanga."

"Dziko likadziwa, ndiwo zizigwa kuchokera kumwamba?"

"Vuto lanu mumangoganiza za m'mimba. Anthu andiseke, palibe kanthu. Wamisala anaona nkhondo."

"Wamisalayo anali ndi mkazi?"

Ndisaname, nthawi zina akamafotokoza, manja akujambula makoma m'malere, nanenso mudziwo ndinkauona. Pakamwa anali napo agogo anu. Ulendo woyamba ndinawakonzera kamba ndi mtima wonse: chimanga chokazinga, chikondamoyo, milamba isanu yonona, thobwa m'chigubu. Ndinkati akapita kamodzi akaona kuti kulibe, mtima ukhala m'malo. Ndinali wopusa, ndinathirira ndekha udzu umene unadzandimerera m'nyumba.

Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse mvula ikangosiya, chikwama kumsana. Poyamba sabata imodzi, kenako masabata atatu. Wilibala inagulitsidwa kuti agule majombo, njinga inapita kuti agule tenti. Ankabwera miyendo ili zilonda zokhazokha za misundu, thupi lonse akukanda chitedze, malungo akuwagwedeza, ine n'kumathamanga nawo kuchipatala nsomba zanga zikuwola pamsika. Tsiku la ubatizo wako, Yamikani, malo awo m'tchalitchi anali opanda munthu, ndinanama kwa azimayi anzanga kuti apeza ganyu ku Thyolo. Ine Mkatolika, kunama pakhomo pa tchalitchi chifukwa cha miyala!

Anali ndi kabuku kakuda kachikuto cholimba, kamene kale ankalembamo miyeso ya nyumba za anthu. M'menemo anayamba kujambula mtsinje uliwonse umene awoloka ndi chigwa chilichonse chimene asaka, n'kudula mtanda pamene apeza kuti palibe kanthu. Zaka zisanu ndi ziwiri za mitanda. Inu lero mukasochera pa Ginnery Corner mumafunsa foni, koma iwo njira yonse ya m'nkhalango inali m'kabuku kameneko, popanda iko sakanadziwa pamene afika ndi pamene sanafike. Ankakakulunga m'pepala la pulasitiki la shuga kuti kasanyowe, uku Baibulo langa likunyowa ndi denga lodontha limene mmisiri wamkulu analibe nthawi yolikonza.

Tsono chinafika chaka chija mafuta anasowa, magalimoto ali pamzere mpaka kukhota msewu. Ulendo umenewo ananyamuka mochedwa, chilimwe chili pakati, ndipo anatenga mnzawo, a Dinala, telala wa pamsika, munthu wamantha woti akaona buluzi amakweza miyendo. Anawanyengerera kuti kumudziko kungapezeke golide. Patapita masiku khumi a Dinala anabwera okha, nsapato imodzi palibe, milomo ili mbuu.

Apa muyenera kudziwa lamulo la anthu a ku Mulanje. Iwo amati ukapeza chakudya m'phiri, chokonzakonza koma chopanda mwini, ndi cha mizimu. Idya wekha uli chete, usaitane mnzako. Ukaitana, mizimu imakutenga, suonekanso. Agogo anu lamuloli ankalidziwa kuyambira ali mwana. Koma munthu ameneyu kudya yekha sankatha, ngakhale ali ndi kachinangwa kamodzi ankaitana wodutsa mumsewu.

"Mayi," anatero a Dinala ataima pakhomo apa, "kunagwa chifunga choti dzanja lako lomwe osaliona. Ine ndinatsalira m'mbuyo. Ndangomva akuitana kutsogolo, 'A Dinala, fulumirani, ndapeza nthochi zakupsa pamwala pano, tidye!' Nditangomva choncho ndinadziwa kuti zatha."

"Ndiye munapita kukaona?"

"Kukaona chiyani mayi? Kuti anditengenso ine?"

"Munathawa."

"Ndabwera kudzanena, mayi. Lipoti ndi lofunikanso."

Anthu a m'midzi ya m'munsi mwa phiri anasaka, osapeza ngakhale chipewa. Mwezi unatha. Ine kudya osadya, kumsika ndinkangopita kuti ndisapenge. Mwezi wachiwiri uli kumapeto, anatulukira alamu anga a Petulo, mng'ono wawo wa agogo anu, wa ku Machinjiri. Munthu amene pa nthawi youmba njerwa sanabwere ngakhale kudzaponda dothi tsiku limodzi. Anabwera ndi alongo awo awiri, nkhope za maliro, koma maso ali kudenga kuwerenga malata.

"Alamu, tisadzinamize," anatero a Petulo. "Achimwene anapita. Mwambo ulipo. Munthu akasowa mtembo timadula thunthu la nthochi, timalikulunga m'nsalu, n'kuika m'manda kuti mzimu wake ugone. Loweruka la sabata ya mawa tichite zimenezo. Anthu alirire pano, manda ndapempha kale kwathu ku Machinjiri."

"Mukaika nthochiyo, kenako?"

"Kenako tikusudzulani, tione za katundu. Mukudziwa kwathu, thukuta la mwamuna ndi la mbumba yake, ana a alongo akewa. Inu tikuperekezani bwinobwino ku Nsanje. Thiransipoti musadandaule, ndi yathu."

Inu ana, ndinamva kutentha kuchokera kumapazi mpaka paliwombo. Thiransipoti! Mvetsani bwino mmene zinalili. Mwamuna wanga akadali wosowa, ine ndinali mkazi wake ndipo nyumba inali yanga. Nthochi ikangolowa m'manda, ndinali wamasiye, mlendo wa ku Nsanje woyenera kubwerera kwawo ndi dengu lake. Ukuti bwanji, Tadala, makhoti? Analipo ngakhale nthawi imeneyo, mwana wanga, koma khoti limaweruza malata atazulidwa kale. Amayi a kumphakati anabwera kudzapemphera nane. Bambo mfumu anati tchalitchi siliika nthochi m'manda. A Petulo anati iwo safuna tchalitchi, akungofuna makasu ndi anthu okumba.

Chinandipulumutsa ndi msika. Pafupi ndi benchi langa pankakhala mayi wina wogulitsa nanazi, amene ankakaoda ku Muloza, kumalire. Lachitatu la sabata ya malirowo ananditsina khutu.

"Asisi, osenza matabwa kumtunda uko akukamba za mdala wina wa m'tauni, wa magalasi omanga ndi ulusi. Akuti amangokhalira kuyeza miyala ndi tepi."

Ndani winanso pa dziko lino angayeze miyala ya m'tchire ndi tepi? Koma mawu a pamsika a Petulo sakanawamva, akanati ndi mphekesera za azimayi. Panafunika munthu mwiniwake, woyenda ndi miyendo yake. Lachinayi m'mamawa ndinanyamuka. Mayi anu ndinawasiya pakhomo, ndinawauza kuti aliyense wolowa ndi hamala amuthire madzi otentha, zotsala ndikayankha ndine.

Maminibasi kunalibe chifukwa cha mafuta aja. Ndinayenda wapansi mpaka m'tauni, n'kupeza lole ya simenti pa Limbe, ndipo pofika ku Muloza ndinali woyera ngati ndagwa m'chigayo. Ndinagona kwa abale a mayi wa nanazi uja. Lachisanu kutacha, bambo wina wachikulire wosenza matabwa anavomera kunditsogolera.

Ine ndine mwana wa kuchigwa, kwathu kuli see, phiri timangolionera patali. Nkhalango imene ija sindidzaiwala. Dzuwa silifika pansi. Mitengo yake anthu atatu simungaizungulire ndi manja, zilambe zili lendelende, pansi pali chinyezi choti phazi limangolowa. Ukaponda muzu ukuterereka, ukagwira tsamba likukucheka. Linthumbu linandikwera mpaka m'chiuno, ndinavina gule amene sindinavinepo ngakhale ndili mtsikana. Sekani, lero n'zoseketsa. Misundu bambo uja ankandichotsa ndi fodya wake wa chingambwe. Ndinali ndi zaka zoposa makumi asanu, nditavala patapata, kolona m'manja. Agogo anu, wolimba mtima wanuyo, ankapitako ndi majombo.

Dzuwa lili pamutu tinafika pa msasa wa ocheka matabwa. Ndipo apo, m'mphepete mwa kamtsinje, munthu atagwada, tepi m'manja, ndevu zili nyankhalala, atawonda mpaka malaya kulendewera. Ndinalira, inu ana, sindibisa. Ndinakhala pansi n'kuthokoza Mulungu mokweza. Iwo anatembenuka, nakonza magalasi awo.

"Aa, mayi a Agnesi! Mwafika bwanji kuno? Bwerani, bwerani muone ichi."

Nthochi zija zinali za ocheka matabwa omwewo, anazisiya pamwala popita kukatunga madzi. Anawapeza agogo anu akudya, n'kuwatengera kumsasa, ndipo agogo anuwo anangoganiza kuti a Dinala atopa, abwerera kwawo. Ochekawo ankadula mitengo mobisa, ndiye atamva anthu akusaka m'munsi anangoti phee, kuyesa kuti ndi a zankhalango. Palibe mzimu unatenga munthu. Miyezi iwiri yathunthu, matabwa akutsika phiri tsiku ndi tsiku, agogo anu osaganiza zotumiza ngakhale mawu awiri kunyumba.

Chimene anandiitanira chinali miyala isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu yosanjikizana, yofika m'bondo, itamera ndere.

"Onani mzere uwu. Iyi si mvula ayi, apa panadutsa dzanja la munthu. Mudzi weniweni uli kumtunda, chigwa chachitatu kuchokera pano."

Kaya linali khoma, kaya miyala chabe, ine sindidziwa mpaka lero. Ndinawauza zonse: za a Dinala, za a Petulo, za thunthu la nthochi, za mawa Loweruka, za ine kubwezedwa ku Nsanje. Anamvetsera akupukusa mutu.

"Petulo ndi chitsiru. Koma mayi a Agnesi, mvula yayandikira. Ndikatsika lero ndiye kuti chaka chatha. Kawauzeni kuti mwandiona. Ndipatseni masabata awiri okha."

"Akandikhulupirira ndani? Akati mkazi wapenga ndi chisoni, waona mzukwa."

"Ndikulemberani kalata."

"Kalata! A Petulo akati ndalemba ndekha. Mawa akukuikani m'manda, ine akundichotsa m'nyumba imene ndinaisenzera madzi, inu mukuti kalata?"

"Masabata awiri okha, mayi. Zaka zonsezi ndavutika, ndiye ndibwerere pakhomo penipeni?"

Ndinagwada pamatope paja, amuna achilendo akuonerera. Ndinawagwira mwendo. Ndinatchula Agnesi, ndinatchula inu adzukulu, ndinatchula malumbiro athu a paguwa. Iwo ankandisisita paphewa, koma maso ali kumtunda, ku chigwa chachitatu. Pamenepo ndinadziwa malo anga m'mtima mwa munthu ameneyu, ndipo zinandiwawa kuposa mawu onse a a Petulo. Akanakhala mkazi wina wondilanda mwamuna, ndikanadziwa pomugwira. Nanga miyala ungaikoke tsitsi?

Kabuku kaja kanali pamwala, m'pulasitiki yake. Ndinadzuka, ndinakatola, ndinakaponya m'bulauzi, n'kumanga chitenje pamwamba zolimba. Kenako ndinayamba kutsika osacheuka.

"Mayi a Agnesi! Bweretsani kuno! Musachite zachibwana, mmenemo muli zaka zisanu ndi ziwiri!"

"Mukakapeza ku Chilomoni."

Pamaso pa amuna anzawo sakanandipisa pachifuwa, ulemu umenewo anali nawo. Ndinangomva majombo kumbuyo kwanga, phwa, phwa, phwa. Anasiya tenti, anasiya mapoto, anasiya chigwa chawo chachitatu. Zimene misozi yanga inalephera, kabuku kanachita osalankhula. Njira yonse yotsika sanafunse kuti Agnesi ali bwanji, sanafunse kuti miyendo yanga yotuluka magaziyo ikupweteka kapena ayi. Mawu awo anali amodzi: "Samalani mayi, kasanyowe ndi thukuta."

Tinafika Loweruka dzuwa litakwera, pa lole ya nanazi. Tikukwera chitunda ichi tinaona masamba atayalidwa pamsewu, nyimbo za maliro zikumveka. Mipando yanga ili panja. Thunthu lili pamphasa pabalaza, atalikulunga ndi nsalu yanga ya pabedi, yatsopano, imene ndinkasungira alendo. A Petulo ataima pakhonde akulandira anthu ngati mwini nyumba. Mayi anu ndiwo anayamba kutiona, anakuwa. Anthu anangoti balala! Wina anagwetsa mphika wa nyemba, alongo awo aja analumpha mpanda, a Dinala amene anabwera kudzalira mnzawo anakomoka pomwepo. A Petulo anabwerera chafutambuyo, maso ali pa agogo anu.

"Achimwene... ndinu?"

"Ndine. Chotsa chinyalala chakocho m'nyumba mwa mkazi wanga."

Thunthulo a Petulo analisenza okha paphewa, anthu akuwakuwiza mpaka kumsewu, ndipo sanapondenso pakhomo pano. Amene anathawa anabwerera mmodzimmodzi, ena kudzawagwira agogo anu kuti atsimikize kuti ndi munthu. Chakudya cha maliro chinasanduka cha phwando. Amayi a kumphakati anaimba nthungululu, Chilomoni yonse ikuti taonani chikondi, bambo wangomva kuti mkazi wake ali pamavuto, wasiya zonse n'kutsika phiri. Mayi anu amakhulupirira zomwezo mpaka lero. Ine sindinawatsutse, ngodya za kabuku zikundibaya m'nthiti.

Nyumba ndinaipulumutsa, inu ana, n'chifukwa chake muli ndi pokhala lero. Koma anthu atabalalika, dzuwa likupendeka, tinatsala awiri pabalaza. Ndinawatenthetsera madzi osamba, ndinawaikira sopo ndi malaya ochapa. Kenako ndinakhala pamphasa kudikira mawu amodzi okha. Ngakhale "pepani", ngakhale "mwatopa". Iwo anakhala pampando, navula majombo, natambasula dzanja.

"Tsopano ndipatseni."

Ndinawapatsa kabuku kaja. Anakatsegula n'kuyamba kuwerenga masamba kuona ngati onse alipo. Mvula itasiya chaka chotsatira anapitanso, ndipo ankapitabe mpaka mawondo anawakana. Mudziwo sanaupeze. Ine ndinapitiriza kuwaphikira ndi kuwachapira, ndinawasamala mpaka tsiku lawo lomaliza. Koma kuyambira Loweruka limenelo, akapita kuphiri sindinaimenso pachipata kuyang'ana kumsewu, ndipo iwo sanazindikire n'komwe kuti ndasiya.